Kalata Yopanda Nambala

3 Malichi

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino, inu ndi Amayi, komanso kuti bondo lija lasiya kulosera mvula. Ine kuno ndili bwino, kungoti odwala a mu wodi yathu satha: ukatulutsa awiri, pakhomo pamakhala patafika atatu.

Ndalemba kalata monga mumafunira, poti za pafoni inu mumati ndi mphepo. Mayi a pafotokope akusindikizirani ikafika pa imelo yawo.

Nkhani ndi iyi. Ofesi yoona za olowa m'dziko kuno yavomera kuti mwana wanga Mafunso abwere adzakhale nane. Zaka zinayi ndakhala ndikugogoda pakhomo limeneli. Mwanayu ndinakusiyirani ali ndi zaka zisanu, mano akutsogolo aguluka n'kumeranso ine ndikuonera pazithunzi. Sukulu yapezeka, bedi ndagula kale. Chatsala ndi chimodzi: inu, monga womulera amene mapepala amamudziwa, musaine fomu yololeza kuti anyamuke.

Koma apa mumvetsetse, Bambo. Safuna siginecha ya cholembera, akufuna ya pakompyuta. Mukapita kwa mayi a pafotokope akakutsegulirani fomuyo, inu mukadina pamene pali dzina lanu, pafoni panu pakabwera manambala asanu ndi imodzi, mukawalowetsa, basi mwasaina. Ikatero fomu imadzimata yokha ngati envulopu, pakona n'kuoneka kachizindikiro kobiriwira. Mayiwo anditumizira, ine ndipereka ku ofesi.

Tsiku lomaliza ndi 30 Epulo. Amalola kupereka kasanu kokha. Zikakanika, fayilo amaitseka mpaka chaka chamawa, malo a kusukulu n'kupita kwa wina. Koma sindikuona chimene chingavute munthu amene anakhala zaka makumi atatu ndi zinayi ali kalaliki wa kaundula, pa kafomu ka masamba awiri.

Mumuuze Mafunso kuti yankho la funso lake lija ndi lakuti ayi, m'ndege satsegula mawindo.

Mwana wanu,
Namwino


Kalata nambala 611
9 Malichi

Mwana wanga Namwino,

Kalata yako ya pa 3 Malichi ndailandira pa 5 Malichi, ndipo yalowa m'kaundula wa pakhomo pano. Tonse tikudzuka bwino, kupatula bondo, limene limadzuka pambuyo pa eni ake.

Za fomu zatheka. Ndinavala jekete n'kupita kwa mayi a pafotokope. Anandionetsa kabokosi pagalasi la kompyuta, kofanana ndi ka machesi, akuti ndidine pamenepo. Ndinawafunsa kuti siginecha yanga ilowamo bwanji, poti mchira wake wokha umafuna theka la tsamba. Iwo anati, "Siioneka n'komwe, Akalaliki, ndi manambala chabe." Apa ndinadziwa kuti sunamvetse bwino zimene anakuuza ku ofesiko, ndipo sindikukudzudzula, ntchito yako ndi ya mabala, osati ya mapepala. Palibe ofesi pansi pano imene ingapereke mwana wa munthu chifukwa cha manambala asanu ndi imodzi. Manambala aliyense angathe kuwerenga. Siginecha yanga anayesapo kuikopera anthu atatu m'zaka zanga zonse, ndipo onse atatu anakakamira pamchira.

Choncho ndinawauza mayiwo asindikize fomuyo papepala. Ndasaina ndi cholembera cha buluu chimene anandipatsa tsiku lopuma ntchito. Inatuluka bwino kwambiri, moti mayiwo anaitana wosoka nsapato wa pakhonde pawo kuti adzaone. Aijambula n'kukutumizira. Zonse zachitika mwadongosolo.

Mafunso wamva yankho lako. Akufunsa kuti ngati satsegula mawindo, woyendetsa amalavulira kuti. Ndamuuza kuti funsolo ndalitumiza kwa oyenerera.

Amayi ako akupereka moni. Masiku ano akupita kutchalitchi kawiri pa sabata, sindikudziwa chimene analakwa.

Ndine bambo ako,
Kalaliki (wopuma)


12 Malichi

Okondedwa Bambo,

Moni kwa nonse. Siginecha yanu ndi yokongola, palibe akutsutsa. Ofesi yaikana.

Cholakwa china ndi changa. Imelo inafika ndili pakati pa ntchito, ndinangoipereka osaitsegula, poti munati zatheka. Ndiye mwayi umodzi wapita, yatsala inayi.

Ndiyesenso kufotokoza. Fomuyi saiwerenga munthu, Bambo. Kulibe kalaliki kumeneko woti aone mchira n'kugwedeza mutu. Imayamba kudutsa m'makina, ndipo makinawo amangofuna kudziwa zinthu ziwiri: kodi wasainayu ndi mwini foni ija, nanga fomuyo ili monga mmene inalili pamene amasaina. Chithunzi cha pepala kwa iwo n'chimodzimodzi chithunzi cha mbuzi.

Chonde bwererani kwa mayi aja. Musasindikize kalikonse. Cholembera chisiyeni kunyumba, mwinanso Amayi akusungireni. Mudine pakabokosi, mulowetse manambala, muone kobiriwira.

Za Amayi ndi tchalitchi zandidabwitsa. Sakudwala? Musandibisire kanthu chifukwa choti ndili kutali.

Mwana wanu,
Namwino


Kalata nambala 615
24 Malichi

Mwana wanga Namwino,

Tili bwino. Amayi ako sakudwala, akudya ngati kale ndipo akundiyankha ngati kale.

Uthenga wako wakuti fomu yachiwiri yakanidwanso ndaumva kwa amayi ako, amene unawaimbira foni. Poti sunalembedwe, sindinauike m'kaundula, kandimverere anakanena za m'maluwa. Komabe ndaugwirira ntchito. Amayi ako anati makina akuti "nthawi yosainira siikugwirizana". Iwo anamva ngati ndinasaina nthawi ya chakudya, ndipo anandikumbutsa kuti anandiuza kuti ndiyambe ndadya.

Ndinabwerera kwa mayi a pafotokope. Anazimitsa kompyuta n'kuyatsanso. Anaizimitsanso n'kuyatsanso. Anati mwina ndi netiweki. Wosoka nsapato anati mwina foni yanga ndi yakale, manambala ake amafika atatopa. Munthu wina amene ankadikira kujambulitsa ziphaso zake anati mlamu wake zinamuchitikirapo zomwezi ndipo mpaka lero ali konkuno. Aliyense anali ndi nzeru, ndipo mzere unafika panja.

Ine ndinangochita chimene kalaliki amayamba kuchita akapatsidwa pepala lililonse: kuyang'ana deti. Pakona ya galasi, pansi, kompyuta ya mayiwa inkanena kuti lero ndi 1 Januwale, chaka chimene iwe unali usanakwatiwe n'komwe. Akuti magetsi akathima imaiwala tsiku n'kubwerera kumene inabadwira, ndipo iwo anazolowera, poti fotokope siifunsa chaka. Kutanthauza kuti ine ndinasaina chilolezo cha ulendo wa mwana amene anali asanabadwe. Apa makina ako ndawapatsa ulemu. Inenso ndikanakana.

Takonza wotchiyo potengera yanga ya pamkono. Ndasainanso kachitatu. Manambala anabwera, ndinawalowetsa ndekha ndi chala chimodzi, ndipo kobiriwira kaja ndakaona ndi maso angawa, magalasi ali kumaso. Mayiwo ndi mboni, wosoka nsapato ndi mboni. Nditatsiriza zadongosolo, anakutumizira.

Ndiyenera kunena kuti sindinamve kuti ndasaina. Zili ngati kupatsana moni ndi munthu amene manja ali m'thumba.

Mafunso wayamba kulongedza. M'chikwama muli kale chidole, supuni imodzi ndi nyundo yanga. Nyundoyo ndaibweza.

Ndine bambo ako,
Kalaliki (wopuma)


9 Epulo

Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino. Ine sindili bwino.

Yachitatu inakanidwa. Ndinakupemphani pafoni kuti musainenso, munasaina, yachinayi yakanidwanso dzulo. Zonse ziwiri yankho lake ndi limodzi: "Chikalatachi chasinthidwa chitasainidwa kale." Inu mukuti mumaona kobiriwira. Ikafika kuno ndikaitsegula, pamakhala kamtanda kofiira.

Palibe chimene sindinayese. Ndaitsegula pafoni, pakompyuta yanga, pakompyuta ya mnzanga wogona naye nyumba imodzi. Katswiri wa makompyuta wa kuchipatala kwathu anati vuto ndi pulogalamu yanga, ndinaika yatsopano, kofiira kali pomwepo. Ndinaimbira ku ofesi, anandiimbira nyimbo ola lathunthu, kenako mtsikana wina waulemu kwambiri anandiwerengera mawu omwewo amene ndinali nditawerenga kale. Nditamufunsa kuti chasinthidwa n'chiyani, anati makina sanena, amangodziwa. Ndawerenga fomuyo mzere ndi mzere. Dzina lili bwino, deti lili bwino, palibe liwu lasuntha.

Katswiri uja pomaliza anandifunsa funso limene landisowetsa mtendere. Anati, "Kodi kumeneko onse akufuna kuti mwanayu abwere?"

Bambo, ndikufunsani monga mwana wanu, osati mwachipongwe. Munthu amene anatulukira za wotchi pamene anthu onse anali kuzimitsa ndi kuyatsa si munthu woti kafomu kangamugonjetse kanayi. Ndikudziwa kuti Mafunso ndi amene amakuperekezani kogula nyuzipepala, ndi amene amakupezerani magalasi. Ndikudziwa kuti nyumbayo idzakula akachoka. Ngati simukufuna, ndiuzeni poyera, tikambirane ngati anthu. Koma musandiphere m'makina.

Watsala mwayi umodzi ndi masabata atatu. Musasainenso mpaka tidziwe chimene chikuchitika.

Namwino


Kalata nambala 619
13 Epulo

Kwa Namwino,

Kalata yako ya pa 9 Epulo yalandiridwa ndipo zimene zili m'katimo zaonedwa.

M'zaka makumi atatu ndi zinayi sindinasinthepo liwu limodzi pa chikalata chosainidwa. Bwana wina anandipempha kutero mu chaka changa cha chisanu ndi chinayi, ndinakana, ndipo n'chifukwa chake ndinapuma ntchito ndili pa mpando womwe ndinayambira. Izi amayi ako akuzidziwa, poti amandikumbutsa.

Magalasi ndimatha kudzipezera ndekha.

Malangizo ako oti ndisasainenso atsatidwa mosavuta.

Ndine,
Kalaliki (wopuma)


17 Epulo

Mwana wanga,

Ndine mayi ako. Pepalali ndang'amba m'kope la Mafunso, usadabwe ndi masamu ali kuseriko, mayi a pafotokope ajambula mbali zonse ziwiri pokutumizira. Bambo ako sakudziwa kuti ndalemba, ndiye kalatayi ilibe nambala, usaitchule.

Kaya unawalembera chiyani, koma chilandirireni akungodya theka, ndipo dzulo anapukuta nsapato za mwana kawiri, zopukutapukuta kale. Ndiye ndati ndiulule, munthu wosalakwa asafere za eni.

Wolakwa ndine. Kuyambira tsiku limene inafika kalata yako yoyamba ndakhala ndikupemphera. Sindinanene kuti mwana asapite, ayi, Mulungu sungamulamule choncho. Ndinangoti, ngati n'kotheka, zichedweko pang'ono. Sindinkadziwa kuti ayankha msanga chonchi, poti za bondo la bambo ako ndapempha zaka zisanu ndi chimodzi osamva kanthu. Fomu yoyamba itakanidwa ndinachita mantha. Yachiwiri itakanidwa ndinasiya. Koma zikuoneka kuti pemphero likalowa silibwezedwa. Tsopano ndikupita kutchalitchi kawiri pa sabata kukafotokoza kuti ndinasintha maganizo. Undikhululukire. Mwana ndi wako, ine ndinalera anga.

Koma bambo ako usawaganizire zoipa. Ulendo wachinayi ndinapita nawo ndekha, ndinaona zonse. Munthuyu amasamala ngati akunyamula mazira. Anasamba m'manja asanakhudze kompyuta. Manambala anawerenga katatu mokweza, moti onse a pamzere anawaloweza. Kobiriwira kanabwera, nanenso ndinakaona. Atatero anatsegula kaundula wawo, n'kuuza mayi a pafotokope kuti alembe nambala ya kalata pamwamba, kudzanja lamanja, monga amachitira ndi kalata iliyonse yotuluka pakhomo pano. Mayiwo anati bwanji osailemba poyamba, bambo ako anati kalata imalandira nambala bwana akasaina, osati asanasaine, apo ayi ungapereke nambala kwa kalata imene bwana aikane. Anakangananso za kukula kwa manambalawo mpaka anakhala bwino. Ukuona kusamala kwake? Munthu wofuna kuononga sangavutike choncho.

Ndiye vuto si iwo. Ngati kumeneko kuli abusa odziwa kubweza pemphero, uwafunse.

Mafunso akufunsa ngati kumeneko kuli nyerere. Umuyankhe, watitopetsa.

Mayi ako


19 Epulo

Okondedwa Bambo,

Moni, ndipo ndagwada. Zimene ndinalemba pa 9 Epulo zinali zolakwa. Ngati kaundula amalola kufufuta, mufufute.

Ndadziwa chimene chikusintha fomu, musandifunse kuti ndadziwa bwanji. Ndatsegulanso zonse. Pakona yapamwamba kudzanja lamanja, yachitatu pali 614, yachinayi pali 617. Ndinkaziona masiku onsewa, koma ndinkayesa ndi manambala a ofesi ya kuno, poti anakhala mwaudongo kwambiri. Katswiri wathu nayenso ankayesa choncho. Ndi manambala anu, Bambo.

Ndikudziwa kuti kwa inu nambala si kusintha chikalata, ndi kuchipatsa ulemu. Koma makina sadziwa kusiyanitsa kalaliki ndi wakuba. Fomu ikadzimata, ngakhale kadontho kamodzi kowonjezera amati envulopu yang'ambidwa. Kobiriwira mumakaonadi. Kamafa pamene mayi aja akulemba nambala, inu maso ali m'kaundula.

Ndiye ulendo womalizawu ndikupempha chinthu chimodzi, ndipo ndikudziwa kukula kwake. Mukasaina, musachitenso kalikonse. Ichoke m'manja mwanu yopanda nambala.

Amayi muwauze kuti ndawapatsa moni, ndiponso kuti kamodzi pa sabata n'kokwanira. Amva. Mafunso mumuuze kuti nyerere ziliko, koma zaulesi.

Atsala masiku khumi ndi limodzi. Ndidikira.

Mwana wanu,
Namwino


28 Epulo

Mwana wanga Namwino,

Tonse tili bwino. Kupepesa kwako kwalandiridwa. M'kaundula safufuta, amangolemba mzere pamwamba pake kuti zioneke kuti panali kanthu, ndipo ndatero.

Za nambala ndinakhala nazo masiku awiri osamvetsa, ndipo kunena zoona mpaka pano sindikumvetsa. Kalata yopanda nambala ikasochera, umaifunafuna potchula chiyani? Mayi a pafotokope akuti makina amasunga nambala yawoyawo m'kati, yosaoneka. Siginecha yosaoneka, nambala yosaoneka, kalaliki wosaoneka. Ofesi yotereyi ikapsa, sindikudziwa kuti anthu amathamangira kukapulumutsa chiyani.

Uyenera kudziwa chifukwa chake ndachedwa, poti unati tizikambirana ngati anthu. Ndinapita kukasaina Lachiwiri. Ndinadina, manambala anabwera pafoni, ndipo ndinangokhala ndikuwayang'ana. Pa 9 Epulo unandinamizira mlandu umene sindinkadziwa n'komwe kapalamulidwe kake. Pa 19 Epulo unandiphunzitsa. Ndinaona kuti kadontho kamodzi kangandipatse chaka chathunthu, ndipo palibe angadzudzule nkhalamba yosadziwa makompyuta. Mayiwo anati, "Akalaliki, manambala aja amatha mphamvu pakapita mphindi zisanu." Ndinati ndikudziwa. Anathadi mphamvu. Ndinabwerera kunyumba n'kuuza amayi ako kuti kunalibe netiweki. Iwo anayang'ana kumwamba, kaya chifukwa chiyani.

Lachitatu tikupita kogula nyuzipepala, Mafunso anandifunsa kuti, "Agogo, pabwalo la ndege pakakhala azimayi ambiri, amayi anga ndikawadziwa bwanji?" Ndinati uli ndi zithunzi zawo. Anati, "Zithunzi ndi zazing'ono. Sindikudziwa kuti amalekezera pati." Mwanayu wandifunsa mafunso zaka zinayi, ena ndimayankha, ena ndimatumiza kwa oyenerera. Ili ndinaona kuti oyenerera ake ndi iwe.

Lachinayi ndinasaina. Kobiriwira katabwera ndinaika manja onse m'matumba a jekete, ndipo wosoka nsapato anakhalira kaundula wanga mpaka mayiwo atatumiza. Ndinachita kumupempha ndekha, poti dzanja la zaka makumi atatu ndi zinayi silimva Chichewa.

Amayi ako akuti unaimba foni dzulo, ukulira, kuti ofesi yalandira. Ndi za pafoni, koma ulendo uno ndakhulupirira. Iwo akuti ndi mapemphero awo. Sindinawatsutse, ngakhale sindikudziwa kuti alowapo bwanji.

Uona kuti kalata ino ilibe nambala. Sindinaiwale, ndikuyeserera.

Chatsala chimodzi. Chinthu chikachoka m'manja mwanga kupita m'manja mwa wina, pamayenera kukhala umboni. Amayi ako asokerera kapepala m'thumba la m'kati la jekete la Mafunso. Palembedwa kuti: mwana mmodzi, wamkazi, mano onse alipo, mafunso osayankhidwa ambiri. Ukamulandira, ukayambe wamukumbatira kuti adziwe polekezera pako. Ukatero usaine pansi pake n'kunditumizira papositi.

Ndi cholembera. Cha buluu.

Ndine bambo ako